Loweruka la phwando ku Area 49 ndi mkangano wa chizungu

Lero ndimati ndigone mpaka dzuwa likwere koma zinakanika, amayi ali kuno kuchokera ku Ntcheu, anabwera kudzaonetsa mwendo wawo kuchipatala, ndiye anthu akuluakulu aja 5 koloko ali maso kale tsache lili m'manja. Ukawauza kuti amayi pumani akuti mwendo ukaupumitsa ndiye umauma. Ndinadzuka basi, kuchapa, kuphika phala la mwana, kusita, madzi akutuluka modontha pampopi mpaka mtima kuwawa.

Masana tinali ndi phwando kwa achimwene, mwana wawo wamwamuna wakwanitsa zaka 5. Tinanyamuka ine, amayi ndi kamtsikana kanga ka zaka 3, abambo ake anatsala akuti ali ndi mpira woti aonere. Amayi anakakamira kunyamula kathumba ka mbatata ya kachewere komwe anagula pa Lizulu pobwera kuno, ndinawauza kuti ku phwando la ana a m'tauni sapita ndi mbatata koma ndani angawaletse. Kondakitala anafuna kulipiritsa kathumbako ngati munthu, anakumana nazo, amayi pa nkhani ya ndalama sagonja.

Kuphwandoko zinthu zinali bwino ndithu, keke yaikulu, mabaluni, chija chopopa mpweya chomwe ana amadumphapo, nyama yootcha kuseri kwa nyumba. Koma ana onse pabwalopo chizungu chokhachokha, kukangana m'chizungu, kulira m'chizungu, kunenezana kwa amayi awo m'chizungu, china chake chochita kumveka kuti achitola m'makatuni. Amayi atakhala pampando anaitana mwini phwando, "Bwerani kuno amuna anga, mwakula bwanji, simundipatsa moni akazi anu?" Mwana anangoima chiimire kuwayang'ana, kenako n'kutembenukira kwa mayi ake kufunsa kuti agogowa akuti chiyani. Alamu anamasulira, mwana anayankha mwaulemu ndithu, alamu n'kumasuliranso kubweza kwa amayi. Amayi anayesanso kumufunsa za kusukulu, za anzake, zonse kudutsira mwa alamu, mpaka mwana anatopa n'kuthawira kodumpha kuja. Amayi anaseka, anthu tonse tinaseka, koma ine ndimawadziwa amayi anga akamaseka zenizeni.

Kukhitchini ndikuthandiza kudula kabichi ndinalephera kuugwira mtima, ndinawafunsa alamu kuti kodi mwanayu Chichewa samva ngakhale pang'ono? Akuti amamva apo ndi apo koma pakhomo pano tinagwirizana kuti tisamamuyankhule, ngakhale mtsikana wantchito tinamuuza. Ndipo kunena zoona alamu anga si munthu wonyada ayi, zifukwa zawo ndinazimva ndipo zina zinandigwira. Iwowo pa MSCE anakhoza bwino masamu ndi sayansi koma Chingerezi chinawagwetsa, ndipo tonse tikudziwa kuti ukalephera Chingerezi satifiketi palibe olo maphunziro enawo utakhoza chotani, ndiye anachita kubwereza chaka chathunthu anzawo akupita patsogolo. Akuti alamu, ine ndinalowa mu intavyu mayankho ndili nawo m'mutu koma pakamwa osatuluka, mwana wanga zimenezo asadzazione. Anawonjezeranso kuti dziko lino olo uphungu wa ku Nyumba ya Malamulo umafuna munthu wodziwa kuyankhula ndi kuwerenga Chingerezi, mafomu a kubanki, makalata a ntchito, yunivesite, zonse chizungu, nanga Chichewacho chidzamudyetsa chiyani. Komanso aticha ake ku sukulu ya mkaka anawauza kuti mukamasakaniza ziyankhulo mwana amasokonezeka mutu.

Apa pokhapa ndi pomwe ndinakana. Kusokonezeka kwake kuti? Pitani ku Mangochi mukaone ana akuyankhula Chiyao pakhomo, Chichewa pamsika, kusukulu akuphunzira chizungu, ku madrasa akuloweza Chiarabu, mitu yawo ili bwinobwino. Ku Karonga ndi ku Chitipa ndiye osanena, mwana mmodzi ziyankhulo zingapo asanayambe n'komwe Sitandade 1. Mwana wamng'ono akasakaniza mawu a uku ndi uku m'chiganizo chimodzi si kusokonezeka, ifenso akuluakulu timatero tsiku lililonse, akamakula amadzasiyanitsa yekha kuti uyu ndimuyankhule chakuti. Chomwe chimandidetsa nkhawa ine ndi china. Achimwene ndi alamu amachoka m'mawa kubwera madzulo, mwana akaweruka amakhala ndi mtsikana wantchito yemwe sukulu analekezera ku pulayimale, ndiye mwamuletsa chiyankhulo chomwe amachidziwa bwino, chomwe akanamuimbira nacho nyimbo, kumuuza nthano, kumufotokozera chifukwa chake moto saseweretsa. Chatsala n'chiyani? Timawu tiwiri titatu tolamula, bwera, khala pansi, idya, usatero, kwinako TV ndi foni zimalize. Mwana amafunika munthu womuyankhula zambiri, zakuya, zoseketsa, zomufunsa mafunso, chiyankhulo chake chikhale chilichonse. Sindikudana ndi chizungu ine, wanganso ndikufuna adzachithyole kuposa ine, koma kuletsa chinacho ndi kumene sindikukumvetsa.

Tikukambirana choncho analowa mnzawo wa achimwene kudzafuna mchere wa nyama, iyeyo ndi mphunzitsi pa sukulu ya boma ya pulayimale, ndiye nkhani anaigwira pakati mchere n'kuiwala. Akuti boma lenilenilo lakhala likusinthasintha maganizo pa nkhaniyi. Mu 1996 unduna unalamula kuti Sitandade 1 mpaka 4 ana aziphunzira m'chiyankhulo cha kwawo, kenako lamulo la maphunziro la 2013 linabwera n'kunena kuti chiyankhulo chophunzitsira ndi Chingerezi, ndipo mu 2014 nduna ya nthawiyo a Lucius Kanyumba analengeza kuti ziyambire Sitandade 1. Koma akuti lowani m'kalasi mwanga muone, ana odzadza mpaka pakhomo, ambiri chizungu akuchimva koyamba tsiku lomwelo, ndikangoti ndiphunzitse masamu m'chizungu chokha ndiye kuti ndikudziyankhulira ndekha, ndimafotokoza m'Chichewa basi kenako n'kuwapatsa mawu achizunguwo. Ananenanso chinthu chomwe sindinkachiganizira, akuti Chichewa chimalembedwa momwe chimatchulidwira, mwana akagwira a e i o u ndi ba be bi bo bu wayamba kale kuwerenga, pomwe chizungu chilembo chimodzi chimamveka mosiyanasiyana, ndiye mwana amene wazindikira kaye m'chiyankhulo chake kuti kuwerenga kumayenda bwanji savutika kusamutsira nzeruzo ku chizungu. Alamu anangoti aphunzitsi, ndiye n'chifukwa chake ife timalipira fizi ku pulayiveti, kuti wathu asadikire zonsezo. Tinaseka, nyama inapsa kunja.

Pobwerera mu minibasi amayi anali chete nthawi yaitali, kenako anangoti mwana uja ndi waulemu, akumulera bwino, koma sindikumudziwa. Ndinasowa choyankha. Atapuma pang'ono anayamba nkhani ya kwathu, akuti iwe umati ndife Angoni a kwa Gomani, tayankhula Chingoni ndimve. Zoona zake palibe, ine ndimangodziwa kuvina ngoma basi, nyimbo zake zina timangoimba osadziwa tanthauzo. Makolo athu anachoka kumwera kwa Africa m'zaka za m'ma 1800 ali ndi chiyankhulo chawo, atafika kuno anakwatira akazi a mitundu yomwe anaipeza, ana n'kutengera chiyankhulo cha amayi awo, lero Mngoni wa ku Ntcheu ndi Dedza amayankhula Chichewa, wa ku Mzimba Chitumbuka. Chaka ndi chaka anthu amasonkhana ku Nkolimbo pa Umhlangano, zikopa, nthenga, zishango, zonse zilipo, koma zoyankhula zambiri zimakhala m'Chichewa. Anzathu a Mulhako wa Alhomwe nawonso akulimbana ndi zomwezo ku Chonde, achinyamata ambiri Chilhomwe sachitha. Amayi akuti panalibe mfumu inaimirira n'kulamula kuti Chingoni chithe, chinangotha m'nyumba, pa mkeka, podyetsa ana phala. Ine sindikuganiza kuti Chichewa chingathe mawa, anthu ochiyankhula ndi mamiliyoni, kuno, ku Chipata ndi Lusaka, ku Tete, koma m'banja limodzi chitha kutha mu m'badwo umodzi wokha, ndipo lero ndaona momwe zimayambira.

Titafika kunyumba ndinkawafotokozera abambo a mwana zonsezi ndili ndi moto, ndikuyembekeza kuti andivomereza, iwo n'kuyamba kuseka. Timu yawo inali italuza ndiye mwina amafuna pothera mkwiyo. Akuti inu a Chichewa lero mwamva kuwawa eti? Iwowo kwawo ndi ku Rumphi, ndiye anayamba kundiwerengera mbiri, akuti mu 1968 msonkhano waukulu wa MCP unagamula kuti Chichewa ndiye chiyankhulo cha fuko pambali pa Chingerezi, Chitumbuka n'kuchotsedwa pa wailesi ya MBC ndi m'masukulu, chinadzabwerera pa wailesi mu 1994 a Muluzi atalowa. Akuti makolo awo ankalemba mayeso a Chichewa chomwe kunyumba kunalibe wochiyankhula. Ndipo a Kamuzu eni akewo pamisonkhano ankayankhula chizungu wina n'kumamasulira, sukulu yawo ya Kamuzu Academy ku Mtunthama yomwe anatsegula mu 1981 n'kuikamo Chilatini ndi Chigiriki, ndiye mukudabwa chiyani kuti Amalawi timaona ngati nzeru zimakhala m'chizungu. Kenako anandilasa, akuti mwana wathuyu Chitumbuka amadziwa mawu angati, akapita ku Rumphi amayi anga si adzafunanso womasulira ngati zomwe mwaona lerozi?

Koma abale. Ndinawafunsa kuti nanga wakuletsani ndani? Ine Chitumbuka changa ndi cha moni ndi kuthokoza basi, mwini chiyankhulo ndinu, koma mumachitulutsa pokhapokha mukamayankhula pa foni ndi abale anu kapena mukakumana ndi anzanu a kumpoto ku bawo, mukalowa m'nyumba muno mwana mumamuyankhula Chichewa chosakaniza ndi chizungu. Mu 1968 munaletsedwa ndi boma, nanga pabalaza pano boma lake ndi liti? Anakhala kaye chete, kenako akuti zimamveka zachilendo kuyankhula wekha chiyankhulo chomwe wina aliyense m'nyumba sakuyankha. Amayi ali pa mkeka akusenda mbatata yotsala anangoponyamo mawu osadzutsa mutu, akuti bambo, mwana sayankha tsiku loyamba, inu muzingoyankhula. Apongozi akanena sutsutsa, ndiye bambo anamunyamula mwana n'kuyamba kumuwerengetsa zala m'Chitumbuka, mwana akuseka poganiza kuti ndi masewera, kaya zipitirira mawa kaya zathera lero lomwe tiona.

Lolemba tikuyenera kukaona sukulu ya mkaka ina kufupi ndi kuno chifukwa Seputembala mwana wathu akufunika ayambe. Mnzanga wa kuntchito anandiuza kuti kumene kuli mwana wake, mwana akagwidwa akuyankhula Chichewa amamuimika pakona, zija zinkatichitikira ife ku sekondale zovekana chikwangwani pakhosi, kungoti pano akuchitira tiana tosatha n'komwe kumanga zingwe za nsapato. Ine funso langa loyamba kwa ahedi likakhala limenelo, chizungu aphunzitseni mmene mungathere koma akalira m'Chichewa kuti akufuna kutoileti mukamutani? Abambo ake akuti ndiyambe ndafunsa fizi kaye chifukwa mwina zokambirana zonsezo zikathera pomwepo.