Ulemu umene unafooketsa miyendo ya amayi anga

Bambo atamwalira, ine ndi abale anga tinagwirizana zoti amayi achoke kumudzi kwathu ku Dedza, adzakhale ndi ine ku Lilongwe. Anali atapitirira zaka 70, koma ankapalira okha chimanga, ankatsirira kudimba m'mawa uliwonse, ndipo Lamulungu ankayenda wapansi ola lathunthu kupita kutchalitchi. Atafika m'tauni, ife tinawalanda ntchito zonse poganiza kuti tikuwalemekeza. Akagwira tsache, mdzukulu ankathamanga kudzawalanda, ndipo akanyamuka kuti akatunge madzi pampopi, ine ndinkati, "Khalani pansi amayi, mwavutika kokwanira, tsopano pumulani."

Miyezi isanu isanathe, amayi sankathanso kudzuka pamphasa osagwira khoma kapena dzanja la munthu. Tonse tinkati ndi ukalamba. Tsiku lina nditawaperekeza kuchipatala kukayezetsa kuthamanga kwa magazi, dokotala anawafunsa zimene amachita kuyambira m'mawa mpaka madzulo, ndipo iwo anayankha mwachidule kuti, "Ndimangokhala, mwananga." Yankho limenelo linandilasa mtima, chifukwa amene anawakhazika pansi ndinali ine.

Minofu ya munthu imayamba kuchepa pang'onopang'ono akapitirira zaka 30, ndipo imachepa msanga akadutsa zaka 60, makamaka ikapanda kugwiritsidwa ntchito. Wachinyamata akagona masiku angapo chifukwa cha malungo, mphamvu zimabwerera mosavuta, koma wokalamba akakhala masabata ochepa osayendayenda, ntchafu ndi chiuno zimafooka kwambiri moti kunjuta m'chimbudzi, kukwera minibasi kapena kudumpha ngalande kumasanduka chintchito. Munthu wotere amayamba kuopa kugwa, manthawo amamukhazika pansi, ndipo kukhala pansiko kumawonjezera kufookako. Nyamakazi nayo imakula mawondo akamakhala osapindika, ndipo shuga ndi kuthamanga kwa magazi zimavuta kuzichepetsa ndi mankhwala okha.

Malangizo amene bungwe loona za umoyo padziko lonse la World Health Organization linatulutsa mu 2020 amati munthu wa zaka 65 kapena kuposerapo azichita zinthu zolimbitsa thupi kwa mphindi 150 mpaka 300 pa sabata, monga kuyenda mwandawala. Amawonjezera kuti masiku osachepera atatu pa sabata azichita zolimbitsa minofu ndi zomuthandiza kuima mosadzandira, n'cholinga chopewa kugwa. Kumeneku sindikutenga mopepuka, pakuti bungwe lomwelo limati anthu pafupifupi 684,000 amafa chaka chilichonse padziko lonse chifukwa chogwa, ndipo gulu limene limafa kwambiri ndi la anthu opitirira zaka 60. Nditawerengetsera, ndinapeza kuti moyo wa amayi kumudzi unkakwaniritsa zonsezi popanda wina kuzitchula kuti masewera. Sindikutanthauza kuti okalamba azisenza mitolo ya nkhuni kapena kulima ekala yonse okha, chifukwa ntchito yopitirira muyeso imawononga msana ndipo ambiri amaigwira chifukwa cha umphawi. Koma pakati pa kuthodwa ndi ntchito ndi kungokhala pali malo aakulu amene ife tinawalumpha.

Tinayamba pang'ono. Dokotala anatilangiza kuti amayi azidzuka pampando ndi kukhalanso kakhumi osagwira ndi manja ngati angathe, aziima ndi mwendo umodzi atagwira tebulo, ndipo akamva chizungulire, kupweteka pachifuwa kapena kubanika, aleke ndipo tibwerere kuchipatala. Ndinawapatsa kamalo kuseri kwa nyumba, ndipo anabzalapo mpiru, bonongwe ndi maungu a nkhwani. Tsache tinawabwezera. Madzulo timayenda limodzi kukagula tomato pamsika, iwo ali ndi ndodo yawo, ine ndikudziletsa kuwagwira mkono pokhapokha tikafika pokumbika ndi madzi.

Mphamvu sizinabwerere zonse, ndipo bondo lakumanzere limawavutabe nyengo yozizira ya June ndi July. Koma mwezi wathawu, adzukulu akuwayang'ana, anadzuka okha pamphasa ali ndi lichero la nyemba m'manja, napita nalo kukhitchini.