Mbiri ya moyo wanga, gawo 6: Loweruka la kanema

Gawo lapita lija ndinakusiyani ndikutuluka m'chipatala, malungo aakulu atapita ndi makutu anga onse awiri. Chaka chotsatira bambo anakanditula kusukulu yogonera ya ana osamva.

Kumeneko Loweruka madzulo abulazala ankapachika chinsalu choyera m'holo n'kutionetsa mafilimu akalekale. Ankasankha dala onena za anthu ngati ife, ati tilimbe mtima.

Ina inali Johnny Belinda ya mu 1948: mtsikana wosamva wa pachilumba cha Cape Breton ku Canada, amene mudzi wonse unkamuyesa chitsiru mpaka dokotala wina atamuphunzitsa chinenero chamanja. Jane Wyman, amene anasewera ngati mtsikanayo, anawina nayo Oscar, mphoto yaikulu ya mafilimu, pomwe iye ankamva bwinobwino. Anzanga obadwa osamva ankamuseka kuti manja ake akuyenda ngati akuyeza ufa wogulitsa.

Koma yobwerezabwereza inali The Miracle Worker ya mu 1962, nkhani ya Helen Keller, wosamva komanso wosaona, yemwe anabadwa mu 1880 ku Alabama ku America. Ikafika pa mjigo paja pamene Helen akuzindikira koyamba tanthauzo la mawu, madzi akukhuthukira m'manja mwa mwanayo, abulazala ankapukuta magalasi, misozi ili chuchuchu. Ife pamene pankatikomera ndi pa ndewu ya patebulo: Helen kutola chakudya m'mbale za eni, aphunzitsi ake Anne Sullivan kumukakamiza supuni, iye kuiponya, kumupatsa ina, kuiponyanso. Mkwiyo umenewo tinkaudziwa tonse, wa munthu amene akumukoka dzanja osamuuza kumene akupita.

Chimene chimandiwawa mpaka lero n'chakuti ngwazi m'mafilimu amenewa ndi dokotala kapena mphunzitsi. Wosamva ntchito yake n'kupulumutsidwa basi, akapulumuka filimu yatha. Zoti Helen anatenga digiri ku koleji ya Radcliffe mu 1904 ndinachita kuziwerenga nditakula. Ndipo kuti wosamva weniweni, Marlee Matlin, agwire Oscar panafika mu 1987.

Amene ankatidzaza holo ndi phwete anali Charlie Chaplin. Mafilimu ake opanda mawu sitinkafuna wotimasulira; tinkaseka nthawi imodzi ndi alonda ndi amayi ophika, popanda wotsalira. Mnzake wina, Granville Redmond, katswiri wojambula zithunzi, anali wosamva ndipo anasewera naye mu A Dog's Life ya mu 1918.

Sabata yamawa ndikusimbirani za tchuthi changa choyamba, mmene agogo ankandimangira manja kumbuyo ndi chitenje kuti ndiyambirenso kulankhula ndi pakamwa.