Chifundo, ng'ombe yopanda chifundo

Ine ndinakulira mumzinda wa Tete, ku Matundo, kumene mkaka timaudziwa uli kale m'paketi. Mu June chaka chatha ndinakwera chapa kupita kwa amalume ku Angónia, kufupi ndi Ulongwe, ndipo ndinafika ndi matama onse a m'tauni. Madzulo tikuwotha moto ndinangoti, "Amalume, mawa mupumeko, mkaka ndikama ine." Iwo anayang'ana akazi awo, akazi awo n'kuyang'ana moto.

Kutacha, chisanu chake! Munthu wozolowera kutentha kwa m'mphepete mwa Zambezi, zala zinachita kuuma gwa ngati chinangwa. Msuweni wanga wa zaka 11 anali kale pakhola, wopanda nsapato, chingwe chili m'manja. Anandiloza ng'ombe yofiira yalinunda, dzina lake Chifundo. Amene anaitcha dzinali ndikufuna tidzaonane.

"Asuweni, ndiimange miyendo? Nditsegulire thole?"

"Iwe, thole la chiyani? Lidzatimalizira mkaka. Chingwenso chisiye, ng'ombe imafuna kuilankhula bwino."

Mwanayo sanatsutse. Anakwera pamtanda wa khola n'kukhala bwinobwino ngati wagula tikiti.

Ndinanjuta, ndowa pakati pa mawondo, n'kugwira bere ndi manja ozizira aja. Chifundo inatembenuka n'kundiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato. Ndinakoka. Palibe. Ndinakokanso mwamphamvu ngati ndikuimba belu la kutchalitchi, osatuluka ngakhale dontho. Chimene chinabwera ndi mchira, wonyowa ndi ndowe, phwa! pakamwa penipeni. Ndinalavula, mchira n'kubweranso kudzaona ngati uthenga wafika.

Msuweni atatha kuseka ndi pamene anandiuza kuti ng'ombe zathu zakumudzi zimabisa mkaka mpaka thole litayamba layamwa. Analitsegulira, linathamanga n'kugunda bere ndi mutu kangapo, thovu n'kuyamba kuoneka kukamwa. Kenako analikokera pambali n'kundisonyeza: sukoka ayi, umatseka kumwamba ndi chala chachikulu ndi chamkombaphala, zinazo n'kumafinya chimodzichimodzi kutsika pansi. Iye akafinya, ndowa imalira tsii, tsii. Ine kufinya koyamba mkaka unalowa m'dzanja la jekete, kwachiwiri m'diso.

Koma pang'onopang'ono zinayamba kutheka. Patatha nthawi yaitali, msana ukuwawa, pansi pa ndowa panayera ndithu, mwina kapu imodzi. Apa ndi pamene mtima wa ku Matundo unandibwerera. Ndinakuwa, "Amalume, tabwerani mudzaone ntchito!"

Kukuwako kunadzidzimutsa msuweni, n'kutaya thole. Thole linaona kuti pakati pa ilo ndi bere la amake pali munthu wa jekete, ndiye linandigunda kumbuyo. Ndinagwera pamimba pa Chifundo, ndipo mwendo uja ndinakana kuumanga unagwira ntchito yake: ndowa uko, ine chagada m'ndowe za usiku wonse, nsapato imodzi itatsalira m'matope.

Amalume anafika, n'kuima pakhomo la khola manja ali kumbuyo.

"Ntchito taiona, mphwanga. Nanga mkaka?"

Tsiku limenelo banja lonse linamwa tiyi wopanda mkaka, ndipo aliyense akamapsontha ankandiyang'ana. Jekete ndinaichapa katatu, komabe pobwerera ku Tete mayi amene ndinakhala naye mu chapa anatsegula windo pa chisanu chonse chija, n'kundifunsa mwaulemu ngati ndimagulitsa ng'ombe.