Mtengo wa wopikulitsa si mtengo wofikira pakhomo

Abale, tsopano mtima wakhala m'malo. Nkhani yosankha katundu wogulitsa pa intaneti inkandizunguza mutu, koma yalowa ndithu. Za kutsegula tsamba la Facebook, kujambula katundu pamalo owala, kulandira ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba, sindikambapo, tonse timazidziwa.

Chandimasula ndi ichi: mtengo womwe wopikulitsa wakuuzani ndi chiyambi chabe. Mtengo weniweni mumaudziwa katundu akafika m'manja mwanu, mutaphatikiza transipoti, msonkho wa pa boda, cholowa cha ajenti, ngakhale ya kabaza yemwe wakunyamulirani katoni kuchoka pa depoti. Mukaziona choncho, posankha katundu mumayamba mwafunsa kuti chinthuchi chikulemera bwanji ndipo chikudya malo ochuluka bwanji.

Taonani za ku China. Pa masamba a pa intaneti oodapo katundu pali Alibaba, palinso 1688 yomwe ndi ya msika wa kwawo komweko, yolembedwa m'Chitchaina, mitengo yake yotsikirapo. Otumiza katundu pa ndege amalipiritsa pa kilo, koma chinthu chikakhala chofufuma amayeza kukula kwa katoni. A pa sitima ya pamadzi amawerengera kiyubiki mita, muyezo wa malo omwe katundu akudya, ndipo mudikire ndithu chifukwa katunduyo atsikire kaye ku Dar es Salaam, Beira kapena Nacala, kenako akwere thiraki. Ndiye tiyerekeze pilo ndi kava ya foni zili pa mtengo umodzi. Mapilo ochepa okha adzaza katoni, pomwe makava mazanamazana alowa m'chikwama chapamsana. Piloyo pofika ku Lilongwe wakwera kale, kasitomala angofunsa mtengo n'kuzimiririka. Ndolo, mawotchi, makava, mikanda: phindu labisala m'tizinthu totere. Nsapato n'zokongola pa chithunzi, koma masaizi osayenda amakugonerani ndi mpamba wanu.

Masamu omwewa amagwiranso kwa opita ku msika wa Kariakoo ku Dar es Salaam kudzera pa boda ya Songwe, chifukwa a basi amalipiritsa poona kukula kwa chikwama. Andichititsanso kusiya kuderera opikulitsa a ku Limbe ndi a ku Malangalanga ku Lilongwe. Inde mtengo wawo ndi wokwererapo, koma mumalipira makwacha, katundu mumamugwira ndi manja, zipi mumaikoka nokha. Chitsikireni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, kusasaka dola pakokha ndi phindu.

Njira yomwe ndagwa nayo m'chikondi ndi yoodetsa kaye. Ndimagula sampulo imodzi, ndimaijambula ndekha, ndimaika pa status ya WhatsApp, ofuna amapereka theka la ndalama, ine n'kukaoda zokhazo zomwe zalipiridwa. Anthu olemba kuti "zabwino bwanji" ndi ambiri, koma wotumiza ndalama ndiye wakuuzani zoona. Kwa ine njirayi ikuposa kafukufuku wina aliyense wa msika, ndipo sindikuona chifukwa choyambira geni mwanjira ina.

Chomwe chikundiwawa n'choti pa maphunziro a bizinesi omwe ndimapita Loweruka tinatha nthawi yambiri tikulemba masomphenya a kampani ndi kujambula mabokosi a SWOT, olembamo mphamvu, zofooka, mwayi ndi ziopsezo za bizinesi. Aphunzitsi athu, munthu wabwino ndithu, za kiyubiki mita sanazitchuleko n'kamodzi komwe. Mnzathu wina atafunsa za opikulitsa okakamira kuti muode zidutswa mazana angapo nthawi imodzi, yankho linali lakuti tidzaona kutsogolo. Kutsogolo kwake kuti, kosi ikutha? Zambiri ndaziphunzira usiku nditaweruka, bandulo ikutha, magetsi atazima, ndikumasulira mauthenga a wopikulitsa pa foni.

Panopa chikundisowetsa tulo ndi anthu operekeratu ndalama aja. Katundu akachedwa panjira, dola n'kukwera pakati pomwepo, kusiyanako alipire ndani? Kukweza mtengo ndikuopa kutchedwa wakuba, kuusiya ndikuopa kudya mpamba. Mwina ndiyambe ndi za ku Limbe zokhazokha mpaka ndizolowere, mwinanso kumeneko n'kungochita mantha. Kaya.