Theka la 12 ndi 7, ndipo ndinanena ndi pakamwa panga

Tinapangana ndi alamu anga, achimwene awo a mayi akunyumba, kuti tilime chimanga limodzi kumudzi kwawo, kuseri kwa Mitundu uko. Ine wam'tauni ndigule mbewu ndi feteleza, wokulitsa ndi wobereketsa yemwe, iwo apereke munda ndi thukuta, zokolola tidzagawane pakati. Mvula inagwa bwino, ndipo atatonola chinadzaza matumba 12 a makilogalamu 50. Ngakhale mwana wa sitandade 2 angakuuzeni kuti aliyense anayenera kunyamula angati.

Tinafika Lachisanu madzulo kuti tigawane m'mawa mwake. Titadya nsima, ana anayamba zilapi pamoto. "Ndagi!" "Gize!" Atati nyumba ya amayi yopanda khomo, ine ndinafulumira kuyankha kuti nkhokwe. Ana anagubuduzika nako kuseka, poti yankho ndi dzira. Munthu wovala jekete, wochokera ku Lilongwe, kusekedwa ndi tiana tamamina pamaso pa apongozi! Zinandiwawa. Ndinatola kamtengo, n'kusalaza dothi ndi phazi.

"Zanuzo n'zachikale. Tamverani zakusukulu. 11 kuphatikiza 2 ndi 1. Zatheka bwanji?"

Pamoto panati zii. Ndinawasiya avutike kaye, kenaka ndinawaonetsa wotchi yapamkono. Ikakhala 11 koloko, pakapita maola awiri imakhala 1 koloko, chifukwa wotchi ikafika pa 12 imayambiranso. Alamu anaomba m'manja. Mutu unayamba kukula.

Ndinalowa m'manambala a Chiroma. Ndinafotokoza kuti I ndi 1, V ndi 5, X ndi 10, ndipo kakang'ono kakatsogolera kakakulu timachotsera, n'chifukwa chake IX ndi 9. Apongozi aamuna, Mkatolika amene mpaka lero amasimba za kubwera kwa Papa John Paul II ku Malawi mu 1989, anati timizere timeneto amatidziwa. Ndinalemba XIX pansi.

"Iyi ndi 19. Ndichotsepo 1." Ndinafufuta ka I kapakati, panatsala XX. "Mwaona? 19 kuchotsa 1 ndi 20."

Mnyamata wina wapafupi pomwepo, amene amayendetsa ngolo ya bambo ake, anagwada kuti aonetsetse. Sindinamulabadire.

Pamenepa ndikanalekeza. Mayi akunyumba anali atanditsina kale pantchafu. Koma munthu akamakuombera m'manja kwa apongozi sumva kutsina. Ndinalemba XII wamkulu, n'kumudula pakati ndi mzere wopingasa. Ma X ndi ma I anaduka m'chiuno, ndipo pamwamba pa mzerewo panaoneka VII bwinobwino.

"Theka la 12 ndi 7," ndinatero, ndikupukuta m'manja.

Alamu anasiya kuseka. "Alamu, mwati bwanji? Tabwerezani, makutu anga ndi akumudzi."

"Theka la 12 ndi 7."

"Bambo, mwamva? Ana inu mwamva?"

Onse anavomera. Ine ndinkayesa akutama nzeru zanga, ndipo ndinagona tulo tabwino.

M'mawa ndinapeza matumba atatulutsidwa kale pabwalo, milu iwiri. Mulu wa kukhonde kwa alamu unali ndi matumba 7, wa kumsewu 5. Anthu anali atasonkhana ngati pali mlandu, ena atabwera ndi mipando yawo.

"Alamu, thumba limodzi lasokera," ndinatero moseka.

"Palibe lasokera. Tinapangana theka. Ine ndatenga theka langa monga munatiphunzitsira usiku."

Ndinati zija zinali zocheza chabe. Iwo anati sanamvepo munthu wophunzira akucheza ndi masamu. Ndinaganiza msanga, ndipo ndinaona pothawira. Ngati theka ndi 7, ndiye kuti inenso anga ndi 7. Alamu anandigwira dzanja mpaka pamalo pamoto paja. Anali atavundikirapo beseni usiku wonse kuti nkhuku zisapalase umboni.

"Onani. Theka lapamwamba ndi VII, limenelo ndi langa. Lanu ndi lam'munsili, lozondoka. Tawerengani, likuti chiyani?"

Kunena zoona, theka lam'munsi la XII si nambala iliyonse. Ndi kadenga ndi timizere tiwiri.

Ndiye panatulukira mwana wawo wamkazi wa folomu 3, amene ndimamulipirira ndine fizi. Anati, "Amalume, musadandaule, 7 yanu mwalandira kale." Analemba pansi kuti 5 kuchulukitsa ndi 0 ndi 0, ndipo 7 kuchulukitsa ndi 0 ndi 0. Choncho 5 × 0 = 7 × 0. Anafufuta ziro uku ndi uku, panatsala 5 = 7.

Apa ndinalusa zenizeni, chifukwa chinyengo chake ndimachidziwa. Kufufuta ziro mbali zonse ndiko kugawa ndi ziro, ndipo masamu salola zimenezo. Mukazilola, nambala iliyonse ifanana ndi inzake, mwini thumba limodzi ndi mwini matumba 100 akhala olemera mofanana. Ndinakuwa kuti, "Sitigawa ndi ziro!"

Apongozi aakazi, amene chikwatirire sanandiyankhulepo maso ndi maso, anayankhira kuseri kwa mpanda. "Tawafunsani bambo a kwa Lilongwewo, kodi masamu amalola kudula nambala m'chiuno ngati nzimbe?"

Bwalo lonse linaphulika. Mayi akunyumba, amene ndinkayembekeza kuti andiikira kumbuyo, anali atakhala pa limodzi la matumba 7 aja, akupukuta misozi ndi chitenje. Mkamwini sakweza mawu kwa apongozi, ndiye ndinangoti zikomo.

Alamu sanathere pomwepo. Anakumbuka okha, popanda kuwafunsa, kuti ndinawabwereka K11,000 nthawi yopalira ndi K2,000 ina ya mankhwala a anankafumbwe. Anatulutsa K1,000 imodzi, n'kundipatsa ndi manja awiri, mwaulemu wonse, akuloza wotchi yanga.

Chotsala chinali kufikitsa matumba anga 5 kumsewu waukulu, ulendo wautali ndithu. Mnyamata wa ngolo uja anati K19,000. Ndinati wadulitsa, ndipo ndinayamba kunenerera monga tichitira mumsika wa Lilongwe. Anakana. Ndinachonderera kuti aone mmene andichitira abale akewa.

"Chabwino, achimwene, chotsaniko ngakhale imodzi yokha," ndinatero.

Mayi akunyumba anagwira pakamwa. Mnyamatayo anatsika pangolo mosafulumira, n'kufunsa anthu ngati amva kuti ndapempha ndekha. Kenaka anatola kamtengo, n'kuyamba kusalaza dothi ndi phazi.