Pac-Man wanga wayaka, koma chipsera cha pagalasi ndachisiya

Loweruka lapitali, patatha miyezi inayi chiyambireni ntchito yokonzanso makina akale a masewera a Pac-Man, ndinaona mizukwa inayi ya m'masewerawa, imene imathamangitsa Pac-Man, ikuthamanga pa sikirini kwa nthawi yoyamba. Makinawa ndi aja oimirira amene kampani ya Midway inkapanga ku America ndi chilolezo cha Namco ya ku Japan, imene inatulutsa Pac-Man mu 1980. Pamene ndinkawatenga anali atakhala zaka zambiri m'nyumba yodontha yosungiramo katundu, moti matabwa a kunsi anali atafufuma ndi chinyezi mpaka kumanyenyeka ndikangowakanda ndi chala.

Za matabwa sindichulukitsa mawu. Ndinadula mbali yowolayo, n'kulumikizapo thabwa latsopano ndi guluu ndi zomangira, ndipo penti yachikasu ya m'mbali ndinangoitsuka ndi nsalu yonyowa pang'ono popanda kupakanso ina.

Ntchito imene inandidyera nthawi inali ya magetsi. Makina a masewera opangidwa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 ambiri amatsata dongosolo la JAMMA, la cholumikizira cha mano 56, kotero kuti munthu amatha kuchotsa bolodi ya masewera ena, ndiye kuti mbale ya tizipangizo ta magetsi toyendetsa masewerawo, n'kuikapo ina mosavuta. Pac-Man ndi wakale kuposa dongosololo, ndipo mawaya ake ali ndi kayalidwe kakekake. Bolodi yake imalandira magetsi a AC, a mtundu wa amene amabwera m'nyumba, kuchokera ku thiransifoma, n'kuwasandutsa yokha kukhala mavoti 5 amene Z80, ubongo wa makinawa, amafuna. Magetsi onsewo amadutsa pa timano tochepa ta m'mphepete mwa bolodi, ndipo cholumikizira chikakalamba n'kuyamba kugwira molobodoka, timanoto timatentha. Pa bolodi yanga, tiwiri tinali titada bii ngati makala. Ndinapala mosamala, n'kumatapo kachidutswa kopyapyala ka kopa, n'kuwotcherera ndi mtovu, kenako ndinasintha cholumikizira chonse pamodzi ndi zogwirira mafyuzi zimene zinali zitachita dzimbiri.

Nditayatsa, kanyimbo koyambira masewera kanamveka bwinobwino, koma chithunzi chinali chopindika m'mphepete ndiponso chonjenjemera. Monita yake ndi Electrohome G07 ya mainchesi 19, yoikidwa chotalika m'malo mwa chopingasa. Vuto la mamonita a msinkhu umenewu limakhala makapasita, tizipangizo tosunga magetsi, chifukwa madzi a m'kati mwake amauma m'kupita kwa zaka. Pano ndiyenera kunena mosabisa kuti chubu chagalasi choonetsa chithunzi cha monita yotere chimagwira ntchito ndi mavoti pafupifupi 20,000, ndipo chimatha kusunga mphamvuyo ngakhale makina atazimitsidwa kalekale. Ndisanakhudze chilichonse ndinazula pulagi, n'kumangirira waya ku chitsulo cha chimango cha monita, mapeto enawo ku sikuludiraiva ya chogwirira cha pulasitiki. Dzanja limodzi lili m'thumba, ndinalowetsa nsonga yake pang'onopang'ono pansi pa kachipewa ka labala kamene kali pamsana pa chubu, mpaka ndinamva kuti thwa! Ndinadikira mphindi zingapo n'kubwerezanso, popeza mphamvu ina imabwerera. Makapasita onse ndinawasintha usiku uwiri, ndikuyang'anitsitsa mwendo wa aliyense kuti usalowe motembenuka.

Chithunzi chitawongoka, chipsera chija chinaonekeratu. Njira zokhotakhota za masewerawa zinapsera pagalasi, moti ngakhale makina atazima zimaonekabe ngati mthunzi wotuwa, chifukwa chithunzi chimodzimodzicho chinawala pamalo amodzi tsiku ndi tsiku kwa zaka zambiri. Mnzanga wina amene timakonzera limodzi makina otere anandilangiza kuti ndichotse chubucho n'kuikapo sikirini yamakono yopyapyala ya LCD, yopepuka ndiponso yosaopsa. Ndinaganizira malangizowo kwa mlungu wathunthu, koma ndakana. Amene anajambula masewerawa ankayang'ana pa chubu, ndipo timizere take ndi kuwala kwake kofewa ndi zimene zimachititsa timadontho timene Pac-Man amadya kuoneka ngati tikuyaka. Pa LCD timangooneka ngati timabokosi touma. Komanso chipseracho chinabwera ndi anthu amene anaima pamaso pa galasili akuponya ndalama zawo zachitsulo, ndipo mtima wanga sukundilola kufufuta zimenezo. Masewera akayamba, njira zabuluu zimagwera ndendende pamwamba pa chipseracho, ndipo sichisokoneza wosewera ngakhale pang'ono.

Chatsala tsopano ndi ndodo yowongolera. Ndi ya mbali zinayi zokha, ndipo pansi pake pali timasamba tachitsulo timene timakhudzana munthu akakankha. Ka kumanzere kanapindika, choncho Pac-Man amachedwa kukhota, ndipo mzukwa wofiira uja, Blinky, wandigwira kale kanayi pa ngodya imodzimodzi. Mlungu uno ndiwongola kasambako ndi kupukuta pokhudzanirapo ndi kapepala kolimba, osati msasa, kuti ndisachotse chitsulo chopyapyala chokutira pamwamba pake.