Thumba la yuriya ndi 0.7 wosowayo

Lachitatu, usiku. Tulo takana, ndipo chondizunguza mutu ndi kanambala kakang'ono, 0.7, komwe kanangotsala pang'ono kutiyambanitsa ndi alamu anga.

Mwana wa achemwali, yemwe ali Fomu 3, anabwera ndi kope lake la Chemistry kuti tione za ma mole, muyezo wa kuchuluka kwa tizidutswa ta chinthu. Kuwerengera amatha ndithu. Ukamufunsa kuti m'magalamu 36 a madzi muli ma mole angati, usanatseke pakamwa wagawa kale ndi 18, wayankha 2. Nambala ya Avogadro ija, ya tizidutswa ta mu mole imodzi, 6.02 × 10²³, amaitchula osapuma ngati nyimbo ya kukwaya. Koma nditamufunsa kuti 18-yo wachokera kuti, anangoti kukamwa yasaa.

"Amalume, ndi mmene anatilembera pabolodi."

Yankho limeneli linandiwawa kuposa mmene ndimayembekezera. Mwana wanzeru chonchi, koma sanaonepo kuti 18 ndi oxygen mmodzi wa 16 ndi ma hydrogen awiri a 1 aliyense, basi. Kwa iye Chemistry ndi zinthu za m'kope zimene zimathera pachikuto. Aphunzitsi ake sindikuwanena, kalasi ikadzaza ndipo silabasi ikuthamanga, munthu umangolembetsa manotsi.

Ndinamukokera kukhonde komwe alamu anatsamiritsa thumba la feteleza wobereketsa. Pathumbapo analemba kuti 46% N, 50 kg. Ndinamulembera CO(NH₂)₂, fomula ya yuriya wa m'thumbamo, kuseri kwa kope, n'kumuuza kuti apeze yekha kulemera kwa mole imodzi ndi peresenti ya nitrogen, N wa pathumba uja. Koyamba anapeza 44, chifukwa 2 wa kunja kwa bulaketi anamuiwala. Ana ambiri amagwera pomwepo. Atabwereza, carbon 12, oxygen 16, ma nitrogen awiri 28, ma hydrogen anayi 4, zonse pamodzi 60. Anagawa 28 ndi 60, n'kuchulukitsa ndi 100. Kakyuleta inamupatsa 46.7.

Anayang'ana thumba, n'kuyang'ana kope, n'kuyang'ananso thumba.

"Amalume, zafanana! Koma dikirani. Ine ndapeza 46.7, iwo alemba 46. Nanga 0.7 wapita kuti? Akutibera?"

Mtima wanga unachita kudumpha. Funso loyamba lochokera m'mutu mwake, osati m'kope. Ndinayamba kumufotokozera kuti 46.7 ndi ya yuriya weniweni wopanda kanthu kena, pomwe wa m'thumba amakhala ndi kachinyezi ndi tizinthu tina totsalira popanga, komanso tothira kuti timibuluto tisagwirane. N'chifukwa chake opanga amalemba nambala imene angailumbirire. Ndili mkati mofotokoza, alamu anatulukira.

"Alamu, mwanayu mukumusokoneza. A MANEB sadzafunsa za thumba langa. Musiyeni aloweze za m'bukuzo, fizi ndikulipira ndi yambiri."

Ndinakhala chete kaye. Munthu wolipira fizi sumuyankha mothamanga, ndipo mantha awo ndikuwamvetsa: mwana akalephera MSCE palibe amene adzafunse ngati ankamvetsa kapena ayi. Komabe chinandikwiyitsa n'chakuti zimene tinkachitazo ndi za m'buku zenizenizo. Kupeza peresenti ya chinthu mu compound ndi funso la mayeso, kungoti ife tinalichitira pakhonde. Ndipo woloweza ndi amene amagwa funso likangotembenuzidwa pang'ono, akaona aluminium sulphate m'malo mwa madzi amene anazolowera.

Sindikudziwa chifukwa chake lero zinandikhudza chonchi. Mwina n'kutentha, mwina n'chifukwa chakuti kuyambira m'mawa ndinali wosakondwa kale. Ndimaona ngati ana athu timawaphunzitsa kuopa manambala, kenaka n'kumadabwa akathawa sayansi.

Kaya panapita nthawi yaitali bwanji, nsima inali itafika kale, alamu omwewo anayambitsanso nkhaniyo, maso ali m'mbale.

"Ndiye mukuti m'thumba la makilogalamu 50 muli chakudya cha chimanga chochuluka bwanji?"

Mtsikana uja sanadikire ine. "Makilogalamu 23, ababa. Theka silikukwana."

"Nanga 27 enawo ndikulipira chiyani? Mchenga?"

Apa ndiye tinaseka tonse, koma funsolo ndi lanzeru. Si mchenga. Ndi carbon, oxygen ndi hydrogen zija zimene zagwira nitrogen kuti akhale chinthu chogwirika, chotheka kuthira paphando. Nitrogen payekha ndi mpweya, ndipo ndi wochuluka kuposa wina uliwonse mu mpweya umene timapumawu, pafupifupi 78 peresenti, koma chimanga sichingamutenge mmenemo. Ndinamupatsa mwanayo feteleza wina, ammonium sulphate, (NH₄)₂SO₄, kuti ayerekeze. Bulaketi ulendo uno sanaiwale: 132, nitrogen 28 yemweyo, 21 peresenti. Ndiye kuti matumba awiri a ameneyu safika pa nitrogen wa thumba limodzi la yuriya, ngakhale ali ndi sulphur amene yuriya alibe. Alamu anangoti "hmm", n'kusamba m'manja. Sanavomere kuti ndinkanena zoona, ndipo inenso sindinawakakamize.

Pochoka ndinamusiyira ntchito yoti apeze ma mole a yuriya m'thumba lonselo. Ayenera kusintha kaye makilogalamu 50 kukhala magalamu 50,000 asanagawe ndi 60, ndipo akapanda kutero apeza 0.83 m'malo mwa 833. Ndikumudziwa, athamanga.

Sabata yamawa akuti ayamba titration, kuyeza mphamvu ya asidi pomudontheza pang'onopang'ono mu mankhwala ena, ndipo wandiuza kuti burette, chubu chodonthezera, anangoiona pachithunzi. Ma cm³ osintha kukhala dm³, kugawa ndi 1000, zonsezo zikumudikira. Thumba la feteleza silindithandiza pamenepo. Ndaganiza za viniga ndi soda wa kukhitchini, koma achemwali akaona ndikuseweretsa soda wawo wa therere, kaya. Ndipo alamu sindikudziwa ngati andilolanso kukhala naye pakhonde paja.